Musamapusitse alonda a mu ubongo

Tili ana ku Senga Bay tinali ndi mpikisano wathu. Tinkayamba tapuma mofulumira, fuu fuu fuu, kambirimbiri, kenako n'kulowa pansi pa madzi kuti tione wokhalitsa ndani. Ife tinkati tikudzaza okosijeni m'mapapo. Tsiku lina mnzathu wina sanavuuke. Tinachita kumukoka atakomoka, milomo itada bii, ndipo anakatsitsimukira pamchenga. Masewerawa ndimawaonabe kunyanja, ndipo ine ndikuti alekeke.

Chimene chimakukakamizani kupuma mukagwira mpweya si kuchepa kwa okosijeni kwenikweni, koma kuchuluka kwa kaboni dayokosaidi m'magazi. Magazi a munthu wabwinobwino amakhala atatenga kale okosijeni pafupifupi yense amene angathe kunyamula. Ndiye kupuma mofulumira kuja sikuwonjezera kanthu kooneka, kumangotaya kaboni dayokosaidi. Zikatero belu lochenjeza limachedwa kulira, pamene okosijeni akutha mwakachetechete.

Nanga amaliza beluli ndani? M'kalasi ya Bayoloje timaloweza kuti kupuma kumayendetsedwa ndi medulla oblongata, kumunsi kwa ubongo. N'zoona, koma nkhani yake siinathere pamenepo. Mu ubongo muli manyuroni, maselo otumiza mauthenga aja, komanso muli maselo ena ochuluka pafupifupi chimodzimodzi otchedwa glia. Dzinali linachokera kwa Rudolf Virchow wa ku Germany mu 1856, ndipo m'Chigiriki limatanthauza zomatira. Kwa zaka zambiri anthu ankangowaona ngati ulimbo wogwira manyuroni kuti asabalalike, basi.

Mtundu wina wa glia, wooneka ngati nyenyezi, umatchedwa astrocyte. Mu 2010 Alexander Gourine wa ku University College London ndi anzake anaonetsa, poyesa makoswe, kuti ma astrocyte a kumunsi kwa ubongo amazindikira asidi akachuluka chifukwa cha kaboni dayokosaidi. Akatero amatulutsa ATP, yemwe uja mumamudziwa ngati wonyamula mphamvu m'maselo, koma apa akugwira ntchito ya mthenga: amadzutsa manyuroni kuti kupuma kuwonjezeke. Mu 2015 gulu lomwelo linapeza kuti maselowa amamvanso okosijeni akatsika. Apa ndiye pondisangalatsa ine. Okosijeni akachepa, manyuroni amayamba kufooka, ndipo kupuma kukhoza kuzilala pa nthawi imene kukufunika kwambiri. Ma astrocyte amawakokosa kuti asagone. Paja timkati zomatira chabe!

Ndisakunamizeni kuti akugwira okha ntchitoyi. M'khosi muli tiziwalo tiwiri totchedwa carotid body, timene timayamba kumva okosijeni akachepa m'magazi; Corneille Heymans analandira mphoto ya Nobel ya 1938 chifukwa chofufuza zimenezi. Ndipo akatswiri akukanganabe za kukula kwa gawo la ma astrocyte.

Wina anena kuti, “Ndiye thupi lili ndi alonda ambiri, tiopenji?” Anzanga, alondawa ntchito yawo ndi kukupumitsani, osati kukuyandamitsani. Mukataya kaboni dayokosaidi musanalowe m'madzi, chenjezo la okosijeni lokha limakhala lofooka, ndipo mukhoza kukomoka musanamve kubanika kulikonse. Mukakomoka, ubongo umadzalamulabe kuti pumani, koma pamenepo n'kuti mphuno ndi pakamwa zili pansi pa nyanja. Mnzathu uja atatsitsimuka tinamufunsa chifukwa chake sanavuuke msanga. Iye anati sanamve kanthu, ankangoona ngati akupambana.