Shakespeare asakhale wa akatswiri okha

Mphunzitsi mnzanga, kaya muli ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete kapena kuno ku Chitungwiza komwe ndikulembera, ngati munaphunzitsapo sewero la William Shakespeare mukudziwa momwe zimakhalira. Mukawerenga ndime, kalasi lonse lili zii. Mukafunsa funso, maso onse pansi. Mayeso akayandikira mumalemba mayankho pabolodi, ana n'kuloweza, tsiku la mayeso likadutsa n'kuiwala zonse. Ine ndikuona kuti vuto sili mwa ana ayi. Tinasiya mlembiyu m'manja mwa akatswiri a m'mayunivesite ndi mabungwe awo, ife n'kumadziona ngati ongopereka uthenga.

Mabungwewa alipo ndipo ntchito yawo ndi yotamandika. Ku Germany bungwe lophunzira za Shakespeare linakhazikitsidwa mu 1864 mumzinda wa Weimar. M'chigawo chathu chino tili ndi Shakespeare Society of Southern Africa, lomwe Guy Butler ndi anzake anayambitsa mu 1985 ku Grahamstown, komwe lero kumatchedwa Makhanda. Kuyambira mu 1987 bungweli limasindikiza magazini ya kafukufuku yotchedwa Shakespeare in Southern Africa. Koma dzifunseni: kodi zolembedwa mmenemo zimafika kwa mphunzitsi wa ku Zengeza, ku Seke kapena ku St Mary's, amene ali ndi kalasi lam'mawa ndi lina lamasana, ana atatu akugawana buku limodzi? Msonkhano wa akatswiri umafuna ndalama ya ulendo ndi malo ogona, ndipo Chingerezi cha m'mapepala awo nthawi zina chimalimba kuposa cha sewerolo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mbiri yomwe ingalimbikitse ana athu imathera m'mabuku a akatswiriwo. Sol Plaatje anamasulira The Comedy of Errors m'Chitswana ndipo buku lake linatuluka mu 1930. Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa dziko, anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, kenaka The Merchant of Venice mu 1969. Mu 2012 Denton Chikura ndi Tonderai Munyevu anasewera The Two Gentlemen of Verona m'Chishona pabwalo la Globe ku London. Mu 2016 Romeo and Juliet anaseweredwa ku Malawi m'Chichewa, womasulira ali Stanley Onjezani Kenani. Ana anu munawauzako zimenezi? Mwana amene wamva kuti sewerolo linayankhulapo kale chinenero cha amayi ake saliopanso ngati kale.

Kuno ku Chitungwiza kuli zidzukulu za anthu omwe anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito. Ana ambiri otere amayankhula Chishona pamsewu, Chingerezi m'kalasi, Chichewa kwa agogo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza zinenero 16, Chichewa chili momwemo. Nanga bwanji timazitsekera kunja pa ola la Shakespeare?

Tengani Romeo and Juliet. Musanafotokoze chilichonse, funsani ana kuti ukwati wa awiriwa unali ndi ankhoswe kapena ayi. Ena adzati Friar Laurence ndi mlezi wa Juliet ndiwo anali ankhoswe. Ena adzatsutsa kuti unkhoswe womwe makolo ndi amalume sakuudziwa si unkhoswe konse. Asiyeni atsutsane m'chinenero chomwe akufuna, kenaka auzeni atsegule buku apeze mizere yoikira umboni maganizo awo. Pa Julius Caesar, ana athu anakhalapo pamaliro ndipo akudziwa kuti woyankhula wina amatonthoza anthu pomwe wina amawautsa mkwiyo. Ayerekeze mawu a Brutus ndi a Antony ndi zomwe anamva kumeneko, adzaona okha chifukwa chake khamu linatembenuka. Pa Macbeth, Mfumu Duncan akusankha mwana wake Malcolm kukhala wolowa ufumu, pomwe kwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi. Kusiyana kumeneko kokha ndi phunziro lathunthu.

Wina adzati mayeso a ZIMSEC, MANEB kapena ECZ amalembedwa m'Chingerezi, choncho tikutaya nthawi. Zoona, yankho lidzalembedwa m'Chingerezi. Koma mwana sangalembe m'chinenero chilichonse zomwe sanazimvetse. Wolowezayo amagwa funso likangotembenuzidwa pang'ono. Winanso adzati tisiye Shakespeare, tiphunzitse Charles Mungoshi, Tsitsi Dangarembga, Jack Mapanje ndi Samuel Ntara. Alembi amenewa ayeneradi kukhala patsogolo, sindikutsutsa. Koma pomwe Shakespeare adakali pa silabasi, ana omwe ali pamaso panu chaka chino sangadikire kuti mkanganowo uthe. Ndiponso akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: ana akamatsutsana za ankhoswe a Juliet, akusinkhasinkha za mwambo wawo womwe.

Tsono pempho langa lili pawiri. Kwa mabungwe a akatswiri: lembani nkhani zazifupi zomwe mphunzitsi angawerenge pa foni, tsitsani mtengo wa umembala kwa aphunzitsi a sekondale, ndipo pamisonkhano yanu muziwapatsa mpata woyankhula, osati wongomvera. Kwa inu ndi ine: tisadikire kuitanidwa. Mutu umodzi susenza denga. Pezani anzanu anayi kapena asanu a m'sukulu zoyandikana, kapena a m'maphunziro omwe tikuchitawa kudzera pa WhatsApp. Mwezi uliwonse sankhani chigawo chimodzi cha sewero, aliyense achiyese ndi ana ake m'Chichewa, m'Chishona kapena m'chinenero china cha kwawo, kenaka mulembe zomwe zinayenda ndi zomwe zinakanika. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi zinthu zomwe katswiri wa ku yunivesite alibe, chifukwa iye sanaimepo m'kalasi mwanu. Zitumizeni ku bungwelo, nawonso aphunzireko.

Sabata ikubwerayi yambani ndi ndime imodzi yokha. Kankhirani madesiki kukhoma, ana aimirire, aisewere m'chinenero chawo, kenaka m'Chingerezi cha m'bukumo. Zomwe muone mukauze mnzanu wa tsidya lina la malire.