Mpikisano wa Sega Udapweteka Ogula

Anthu otama mpikisano wa makampani opanga makina a masewero a pa kanema amati umatsitsa mitengo. N'zoona: mu 1995 Sony idagulitsa PlayStation ku America pa madola 299 pamene Saturn ya Sega inali pa madola 399. Komabe anthuwa amaiwala dala za makolo amene adagula 32X.

Chipangizo chimenechi Sega idachitulutsa ku America mu Novembala 1994 kuti chizilumikizidwa ku makina ake akale a Genesis. Makolo adalipira madola pafupifupi 160 poganiza kuti ana awo apeza chokhalitsa. Mwezi womwewo Saturn inali italowa kale m'masitolo a ku Japan, ndipo mu Meyi 1995 kampaniyi idathamangira kuifikitsa ku America pofuna kutsogola Sony. Masewero a 32X, omwe onse pamodzi anali pafupifupi 40 okha, sankaseweredwa pa Saturn. Pofika 1996 chipangizocho chinali chitatayidwa.

Ena amati ndi mmene malonda amakhalira. Ayi ndithu, kumeneku n'kudyera anthu masuku pamutu. Ogula ambiri adaleka kukhulupirira Sega, ndipo mu 2001 kampaniyi idasiyiratu kupanga makina oterewa.