Musamtsekereze Mwana Wofuna Kufufuza Matenda

Pali mawu amene afala pakati pa ife makolo ndi eni mbumba kuno kwa Mkhumba, ndipo ndifuna kuwatsutsa poyera. Mnyamata kapena mtsikana akatsiriza digiri yake yoyamba, nanena kuti afuna kupempha malo a maphunziro apamwamba ofufuza matenda opatsirana, akuluakulu amamuyankha kuti, "Sukulu yakwana, kagwire ntchito utigulire feteleza." Ena amaonjezapo kuti dokotala weniweni ndiye wobaya jakisoni, osati wokhalira kusuzumira tizilombo m'makina. Maganizo otere ngolakwa, ndipo odzalipira kulakwako ndi adzukulu athu.

Sindinyoza umphawi wa munthu ayi. Ndidziwa kuti banja linagulitsa nandolo ndi mbuzi kuti mwanayo aphunzire, ndipo nkoyenera kuyembekeza kudya thukuta lake. Koma taganizani, abale anga, za mankhwala amene mumalandira kuchipatala. Kale tonse tinkakhulupirira chloroquine pa malungo. Patapita zaka, tizilombo tinamzolowera, ana namamwa mankhwala koma osachira. Amene anatsimikiza zimenezi anali anthu ofufuza, amene anapima magazi a ana nawerenga ochira ndi osachira, kufikira m'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kutenga Fansidar. Pakadapanda owerengawo, wobaya jakisoni uja akadapitiriza kupereka mankhwala opanda mphamvu, ndi mtima wabwino womwe.

Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana muno m'Malawi mu April 2019, tisanatsatidwe ndi Ghana ndi Kenya. Katemera wa typhoid anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, nafika m'dziko lonse mu 2023. Kodi zinthu izi zinagwa kumwamba ngati mvula?

Tsono tayang'anani kwathu kuno. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anagumula zimbudzi nakwirira zitsime m'boma lathu la Phalombe. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa amagona m'zimbowera masabata ambiri, namwa madzi omwewo amene adzithandiziramo. Ine amene ndimaitana maina m'kaundula wa sukulu ndimaona mipata ya ana ogona ndi malungo dzinja lililonse, ndi anyamata okodza magazi amene ayesa kuti likodzo ndi chizindikiro cha kukula. Mlendo wochokera ku Liverpool angadziwe kachilombo koposa ife, koma sadziwa dambo limene ana amasambako potuluka kusukulu, ndiponso gogo wolankhula Chilomwe sadzamuululira zakukhosi. Mafunso a matenda athu adzafunsidwa bwino ndi mwana wobadwira pakati pathu. Tikamletsa, tidzakhala opereka magazi okha, ena nkumalemba mabuku.

Mudzati, "Akapita kunja sadzabwera." Ena sabweradi, ndipo ndiwadzudzula. Koma Dr Daniel Malekebu anatsiriza udokotala ku Meharry, ku America, mu 1917, nabwerera kudzatumikira ku Chiradzulu mu 1926. Ndiponso lero sikofunika kuoloka nyanja nthawi zonse. Ku Blantyre kuli Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth pali bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lafufuza matenda kuyambira 1995. Kuchokera ku Migowi nkutali bwanji?

Inunso achinyamata muli ndi mlandu wanu. Ambiri a inu mumalemba kalata yopempha malo usiku wotsiriza, mutakopera ya mnzanu, ndi mawu akuti mufuna "kuthandiza dziko". Oweruza makalata awerenga mawu amenewo kambirimbiri ndipo atopa nawo. Chimene afuna ndi funso limodzi lomveka: matenda ati, mwa anthu ati, ndipo mudzawawerenga motani. Afunanso chikalata cha magiredi anu onse, ndi makalata a aphunzitsi awiri kapena atatu okudziwani ntchito yanu, osati a mfumu kapena a m'busa ongokudziwani ulemu. Mphunzitsi woti adzakuyang'anireni mlembereni msanga, mutayamba mwawerenga zimene iye analemba. Wofuna chithandizo cha Commonwealth kapena cha Beit Trust ayambe kukonzeka chaka chathunthu sukulu isanatsegulidwe, pakuti tsiku lotsekera likapita palibe wodandaulira. Ndipo amene wakanidwa ulendo woyamba asachite manyazi kukagwira ntchito yotola magazi kapena yofunsa mafunso m'midzi pansi pa ofufuza akuluakulu. Ambiri alowera pa khomo limeneli, ndipo malipiro ake, ngakhale ngochepa, agula feteleza uja.

Kwa inu amalume, pempho langa ndi laling'ono. Mwana akati afuna ndalama ya basi kuti akatenge zikalata zake ku koleji, kapena ya intaneti kuti atumize pempho lake, mpatseni, ndipo mumfunse matenda amene afuna kukafufuza. Akalephera kukufotokozerani m'Chichewa chomveka, mbwezeni akakonzenso, chifukwa oweruza aja nawonso sadzamumva.