Malamulo a malonda asathere ku Lilongwe, afike pa Chezi

Minibasi ikangoima pa Chezi, m'boma la Dowa, pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, amayi amathamangira kumawindo ndi mabeseni a matimati, anyezi ndi ndiwo zamasamba. Kuseri kwawoko kuli maokala, zigayo, matelala, anyamata a kabaza komanso mavenda omwe amapachika masikelo awo nyengo ya soya ndi mtedza ikakwana. Onsewa ndi anthu a bizinesi, ndipo ambiri mwa iwo dandaulo lawo ndi limodzi: mpamba ndi wochepa, koma akapita kukapempha ngongole amafunsidwa chikole cha nyumba kapena malo okhala ndi mapepala, zomwe munthu wakumudzi alibe.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti dandaulo limeneli malamulo adaliyankha kalekale. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Personal Property Security Act, lomwe limalola munthu kupereka katundu wosunthika ngati chikole. Ng'ombe, mbuzi, mbewu, ngolo, njinga yamoto, makina osokera, chigayo, katundu wa muokala, ngakhale ndalama zomwe ena ali nazo ngongole kwa iwe, zonsezi zikhoza kuimira chikole. Katunduyo amakhalabe m'manja mwa mwini wake kuti apitirize kugwirira ntchito. Wobwereketsa ndalama amangolembetsa chikolecho m'kaundula wa pa intaneti yemwe adakhazikitsidwa pansi pa ofesi ya Registrar General, ndipo anthu awiri akamalimbirana chikole chimodzi, kawirikawiri amene adayamba kulembetsa ndiye amayamba kulandira zake.

Lamuloli silidalembedwe ndi Amalawi okha. Maiko olemera ndi mabungwe akuluakulu ali ndi maloya odziwa bwino ntchito omwe amatumizidwa kunja kukathandiza maboma kukonzanso malamulo a malonda. Mwachitsanzo, mu 1992 unduna wa zamalonda ku America udakhazikitsa nthambi ya Commercial Law Development Program kuti maloya a boma azikathandiza anzawo a m'maiko ena, kuyambira ndi maiko a kum'mawa kwa Ulaya omwe panthawiyo adali atangosiya chikomyunizimu. Nalo bungwe la United Nations lili ndi nthambi ya UNCITRAL, yomwe idakhazikitsidwa mu 1966, ndipo imalemba zitsanzo za malamulo zoti maiko azitengerapo. Lamulo la chikole la dziko lino lidatengera kwambiri lamulo la ku New Zealand la 1999 komanso malangizo a UNCITRAL. Akatswiri awiri omwe adagwira nawo ntchitoyi, a Marek Dubovec ochokera kubungwe lina la zamalamulo ku Arizona m'dziko la America, ndi loya wa kuno kumudzi a Cyprian Kambili, adalemba buku lofotokoza lamuloli lomwe lidatuluka mu 2015.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe angakane kuti thandizo lotere lapindulira dziko lino. Mu 2007 khoti lalikulu lidatsegula nthambi yoweruza milandu ya zamalonda. Mu 2012 kudabwera lamulo latsopano la kalembera wa mabizinesi, ndipo kenako lamulo la makampani la 2013 lidalowa m'malo mwa lija la 1984. Mu 2016 kudadza lamulo loona za anthu ndi makampani omwe alephera kubweza ngongole, kenako mu 2018 lamulo la malisiti a mbewu zosungidwa m'nkhokwe zovomerezeka. Kaamba ka zina mwa ntchitozi, lipoti la World Bank loona za kuphweka kwa kuchita bizinesi, lomwe lidatuluka mu 2017, lidaika Malawi pagulu la maiko khumi omwe adachita bwino kwambiri pokonza zinthu, ndipo dziko lino lidachoka pa nambala 133 kufika pa 110.

Koma manambala amenewa asapusitse munthu. Lipotilo, lomwe World Bank idasiya kutulutsa mu 2021, linkayang'ana momwe kampani ingachitire bizinesi mumzinda wa Blantyre. Silinkafunsa ngati mayi wa pa Chezi wapeza mpamba wopikulira matimati, kapena ngati mlimi wa m'mapiri a Ntchisi wasiya kugulitsa soya wake pamtengo wolira. Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo la malonda liyenera kuyezedwa ndi zomwe lasintha pamsika, ndipo pa muyezo umenewu ntchito idakalipo yambiri.

Chomvetsa chisoni n'choti mwezi wa Januwale ukafika, ufa utatha m'nyumba, feteleza wobereketsa akufunika ndipo ana akudikira fizi, mabanja ambiri amathamangirabe kwa a katapila. Kumeneko wobwereka K50 000 amauzidwa kuti mwezi ukatha abweze K75 000, mwinanso K100 000. Akalephera, mbuzi, njinga kapena malata zimatengedwa popanda wowerengera kuti mtengo wake ndi wotani. Pomwe lamulo la 2013 limati wobwereketsa akalanda chikole n'kugulitsa, atengepo zake zokha ndi zomwe wawononga pogulitsapo, ndipo zotsala abwezere mwini katundu. Nalo lamulo la malisiti a mbewu limalola mlimi kusungitsa soya kapena chimanga chake kunkhokwe yovomerezeka, kulandira lisiti losonyeza kulemera ndi giredi ya mbewuyo, kukongolera ndalama lisitilo, n'kudzagulitsa mitengo ikakwera. Koma mlimi yemwe sadamvepo za lisiti lotere, kapena yemwe nkhokwe ili naye kutali, amangopereka thumba lake kwa venda woyamba kufika ndi sikelo.

Zifukwa zake sizobisika. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi choti ngakhale wa Fomu 4 amachita kukanda mutu. Kaundula wa chikole ali pa intaneti, pomwe anthu ambiri kumudzi ali ndi mafoni ongoimbira ndi kutumizira ndalama. Khoti la zamalonda limakhala m'mizinda ndipo limaweruza milandu ya ndalama zochuluka. Komanso lamulo limangolola, silikakamiza banki kulandira ng'ombe ngati chikole, choncho obwereketsa ambiri amakondabe chikole cha nyumba chomwe adazolowera.

Poona izi, pali zinthu zingapo zomwe boma liyenera kuchita. Choyamba, mgwirizano uliwonse wobweretsa akatswiri a zamalamulo ochokera kunja uzikhala ndi gawo la ndalama zomasulirira lamulolo m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, komanso zolifalitsira pawailesi ndi m'misika. Sikokwanira kuchititsa msonkhano umodzi kuhotela ya kunyanja, kujambulitsa zithunzi, n'kunena kuti anthu adziwitsidwa. Ndi bwinonso kuti akatswiriwo, asadalembe chiganizo choyamba, azikhala kaye tsiku limodzi la msika pamalo ngati pa Chezi, Mvera, Mponela kapena Malomo, kuti amve momwe anthu amakongozerana ndi momwe amalandirana katundu.

Chachiwiri, unduna wa zachilungamo ndi wa zamalonda usamale maloya ake. Loya wa boma amene wakhala limodzi ndi mlendo polemba lamulo ndiye amadziwa chifukwa chomwe ndime iliyonse idalembedwera momwemo. Munthu wotere akachoka kukafuna malipiro abwino kwina, nzeru zonse zimapita naye, ndipo pakafunika kukonza lamulolo boma limayambanso kupempha thandizo kunja. Dziko lino lili ndi bungwe lakelake lounika malamulo la Law Commission, lomwe lidakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a 1994, komanso sukulu ya zamalamulo ku Zomba yomwe yatulutsa maloya ambiri. Amenewa apatsidwe ndalama ndi mpata wotsogolera, mlendo azibwera kudzathandiza.

Chachitatu, makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, kudzera mwa alangizi a zamalonda ndi a zaulimi, afikitse uthengawu kumakalabu a alimi, kumakopaletivi, kumabanki a m'mudzi ndi kumakomiti a misika. Kuofesi ya DC kukhale munthu wothandiza aliyense wofuna kufufuza m'kaundula wa chikole. Nayo Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama, izifunsa kuti ndi ngongole zingati zomwe zaperekedwa pa chikole cha katundu wosunthika, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa poyera.

Nawo mabanja ali ndi mbali yawo. Chikole si masewera, pakuti wolephera kubweza ngongole amalandidwa katundu ndipo lamulo limakhala kumbali ya wobwereketsa. Bambo asapereke ng'ombe kapena makina osokera a pakhomo mayi asakudziwa, ndipo mayi asatero bambo asakudziwa. Munthu asasaine kapena kudinda chala papepala lomwe sadalimvetse. Apemphe wina wodalirika amuwerengere, adziwe chiwongoladzanja, tsiku lobweza ndi zomwe zidzachitike akachedwa, ndipo atenge pepala lake akasunge. Wogula njinga yamoto kapena chigayo chogwiritsidwapo kale ntchito ayambe wafufuza ngati katunduyo sali pachikole, kuopa kudzalandidwa chinthu chomwe walipira ndi thukuta lake.

Akuluakulu omwe aja adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 2025 boma la America lidatseka bungwe la USAID, lomwe kwa zaka zambiri lidathandiza ntchito zosiyanasiyana m'dziko muno, ndipo izi zidaonetsa kuti thandizo lakunja likhoza kutha tsiku lililonse. Malamulo omwe alendo adathandiza kulemba alipo ndipo ndi abwino. Ntchito yowafikitsa kwa eni ake yatsalira maloya a boma, aphungu ndi makhonsolo a dziko lino. Tsiku lomwe mayi wa pa Chezi adzapeze ngongole ya chiwongoladzanja choyenera poikira chikole mbuzi zake, osapitanso kwa wa katapila, ndi pomwe boma lidzakhale ndi chifukwa chonenera kuti malamulo a malonda lidawakonzadi.