Za Pakhomo: Inshuwalansi ya Nyumba Imalipira Zokhazo Zimene Zalembedwa

Amayi anzanga, mlungu uno tikambirane za pepala limene ambiri a ife sitinaligwirepo, ndipo ena amene tili nalo tinangolipinda ndi kuliika pansi pa sutikesi osaliŵerenga. Ndikunena pepala la inshuwalansi ya nyumba. Nkhani imeneyi timaisiyira abambo poganiza kuti ndi ya ku maofesi. Komatu denga likasasuka usiku, woyamba kusonkhanitsa ana ndi kuwafunira pogona ndi mayi, ndiponso malata ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri anagulidwa ndi ndalama za mandasi, za kaunjika ndi za ku banki m'khonde. Tsono nkoyenera kuti mayi adziŵe chimene pepalali limalonjeza ndi chimene limakana.

Aliyense wokhala mu Blantyre akukumbukira mwezi wa Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anadza ndi mvula yosalekeza kwa masiku angapo, mpaka matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusoŵa, ndipo oposa 600,000 anathaŵa m'makomo mwawo. Palibe ndalama imene ingabweze amene tinawataya. Koma otsala anayenera kumanganso, ndipo ambiri analibe poyambira kupatula thandizo la boma, la mipingo ndi la abale. Namondweyu sanali woyamba, pakuti mu 2019 kunali Idai ndipo mu Januwale 2022 kunali Ana. Nchifukwa chake ngozi ya nyumba sitingaiyesenso nkhani ya kutali.

Maganizo a inshuwalansi si achilendo kwa ife. Pa maliro ndi m'magulu athu a amayi, ambiri amasonkha pang'onopang'ono kuti mmodzi amene wagwa m'tsoka athandizidwe, popeza mutu umodzi susenza denga. Makampani monga NICO General, General Alliance, Reunion ndi Britam amagwira ntchito yomweyo, kusonkhanitsa ndalama za anthu ambiri kuti alipire ochepa amene nyumba zawo zaonongeka. Kusiyana kwake nkwakuti pamudzi timathandizana mwa chifundo, pamene kampani imatsata pangano lolembedwa. Chimene sichinalembedwe sichilipiridwa, ngakhale munthu alire motani. Dziŵaninso kuti inshuwalansi si banki: chaka chikatha popanda ngozi, ndalama zanu sizibwerera, chifukwa zathandiza ena ndipo inu mwagona ndi mtima wokhazikika chaka chonse.

Choyamba kufunsa ndi ichi: kodi chatetezedwa ndi nyumba kapena katundu wa m'nyumba? Mapepalaŵa amalembedwa m'Chingerezi, choncho ndikupatsani mawu ake monga mmene mudzawapezere. Inshuwalansi yotchedwa houseowners imateteza makoma, denga, zitseko, mazenera ndi zina zomangika. Yotchedwa householders imateteza mipando, mabedi, zovala, filiji, wailesi yakanema, makina osokera ndi ziŵiya. Ngati mukukhala pa lendi, kaya m'nyumba ya munthu kaya ya Malawi Housing Corporation, kuteteza makoma ndi udindo wa mwini wake, koma inshuwalansi yakeyo sikhudza ngakhale mphika wanu umodzi. Chimodzimodzi amene munamanga ndi ngongole ya ku banki: banki imafuna kuti nyumbayo ikhale pa inshuwalansi, koma kaŵirikaŵiri imeneyo ndi ya nyumba yokha, katundu mulibe.

Liwu lakuti premium likutanthauza ndalama zimene mumalipira kuti mutetezedwe, nthaŵi zambiri kwa chaka chimodzi. Lembani tsiku limene pangano limathera pa kalendala ya pakhoma. Ngozi ikagwa tsikulo litadutsa inu musanalipirenso, zaka zonse zimene munalipira mokhulupirika sizikuthandizani kanthu.

Mawu ofunika kuwamvetsa koposa onse ndi akuti sum insured. Imeneyi ndi ndalama imene mwauza kampani kuti ndiwo mtengo wa nyumba yanu, ndipo kampani singalipire kupitirira pamenepo. Mtengo woyenera kulemba ndi umene mungamangirenso nyumba yomweyo lero, poŵerengera simenti, njerwa, malata, matabwa, amisiri ndi kuchotsa zogumuka. Mtengo umene munamangira kalekale uiŵaleni, ndipo wa malo musauphatikize, pakuti puloti siipsa ndi moto.

Apa mpamene mabanja ambiri amapunthwa. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nonse munaona mmene mitengo ya zomangira inakwerera. Banja limene silinasinthe ndalama yolembedwa pa pepala kuyambira nthaŵi imeneyo likudzinamiza. M'mapangano ambiri muli lamulo lotchedwa average, ndipo limagwira ntchito motere. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu kungafune K40 miliyoni, koma pa pepala munalemba K20 miliyoni. Moto waononga khitchini ndi chipinda chimodzi, ndipo kukonza kukufuna K10 miliyoni. Inu mudzayembekeza kulandira yonse, popeza K10 miliyoni ndi yochepa poyerekeza ndi K20 miliyoni. Koma kampani idzati munateteza theka lokha la nyumba, motero idzalipira theka lokha la zoonongeka, ndiyo K5 miliyoni. Yotsalayo ndi yanu. Pofuna kupeŵa zimenezi, chaka chilichonse musanalipire funsani mmisiri wodalirika mtengo womangira wa nthaŵi imeneyo, ndipo mukawonjezera chipinda kapena mpanda, kauzeni akampani.

Pa katundu wa m'nyumba funsaninso ngati adzakupatsani mtengo wa chinthu chatsopano kapena adzachotsera zaka zimene mwachigwiritsa ntchito. Sofa ya zaka khumi ingathe kuŵerengedwa pa mtengo wochepa kwambiri moti simungagulire ina.

Liwu lina ndi lakuti excess. Ili ndi gawo loyamba la zoonongeka limene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse. Ngati excess yanu ndi K100,000 ndipo mphepo yaononga zinthu za K80,000, palibe chimene mudzalandire. Zikakhala za K500,000, mudzalandira K400,000. Musakondwere msanga ndi premium yotsika musanaone kukula kwa excess, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsopano tifike pa gawo limene ambiri saliŵerenga, la exclusions, ndiko kuti zinthu zimene kampani yakaniratu kulipira. Mapangano ambiri amavomera moto, mphezi, mphepo ya mkuntho, madzi osefukira ndi kuba kothyola nyumba. Koma amakana kuonongeka kodza pang'onopang'ono, monga chiswe, dzimbiri, denga lodontha limene linalekereredwa, ndi khoma long'aluka chifukwa cha mamangidwe oipa. Ambiri amakananso kuba kumene palibe chizindikiro cha kuthyola, monga pamene chitseko chinasiyidwa chosakhoma. Inu amene mumapita kumudzi kukalima kapena kukakolola, onani masiku amene nyumba ikuloledwa kukhala yopanda munthu, popeza mukapitirira pamenepo chitetezo china chimaima. Za chivomezi funsaninso, pakuti chinagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009.

Kwa inu a ku Manje, Chilobwe ndi onse okhala m'munsi mwa mapiri a Soche ndi Ndirande, pali mawu aŵiri oyenera kuwafufuza ndi chala: subsidence ndi landslip, ndiko kutitimira ndi kugumuka kwa nthaka. Ife timangoti nyumba yapita ndi mvula, koma a inshuwalansi amasiyanitsa madzi osefukira ndi nthaka yogumuka kuchokera m'phiri. Pangano lingathe kuvomera choyambacho ndi kukana chachiŵiricho, kapena kuchivomera pokhapokha mutawonjezera ndalama. Musakhutire ndi yankho la pakamwa. Uzani wokugulitsaniyo kuti akuonetseni mzere umene zalembedwa, ndipo ngati mulibe, alembe.

Kunena zoona, si nyumba iliyonse imene kampani ingailandire. Ambiri amafuna ya njerwa zootcha kapena ya simenti, yofolera ndi malata kapena matailosi. Ya zidina ndi ya udzu, monga zambiri za kumudzi, angathe kuikana kapena kuikweza mtengo. Angathenso kukana nyumba yomangidwa pamtsetse pa phiri, kapena m'mphepete mwa mitsinje monga Mudi, Nasolo ndi Naperi. Akakana motero musapse mtima. Anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza ngozi akukuuzani kuti malo amene ana anu akugona ndi oopsa. Pepala lingamangenso khoma, koma silingaimitse mwala wotsika m'phiri, ndipo pamalo otere nzeru yoposa ndi kukambirana ndi abambo za kusamuka. Kwa inu a kumudzi amene nyumba zanu sizilandiridwa, gulu lanu la amayi likhoza kupatula thumba la ngozi za nyumba, losiyana ndi la maliro.

Podzaza fomu nenani zoona zokhazokha. Ngati pakhomo pali okala, ngati mumaphika zamalonda, mumasunga mafuta ogulitsa kapena muli ndi alendi, zonse zilembedwe. Ngozi ikagwa kampani imatumiza munthu wodzayeza zoonongeka, ndipo akapeza kuti munabisa kanthu kofunika, ali ndi mphamvu yokana kulipira chilichonse. Chomwechonso kukokomeza mtengo wa zotayika kungakutayitseni ngakhale zimene munayenera kulandira.

Tsoka likakugwerani, dziŵitsani kampani mwamsanga, chifukwa pangano limaika malire a masiku. Pa kuba ndi pa moto katengeni lipoti la apolisi. Jambulani zithunzi ndi foni musanasunthe kanthu, ndipo zoonongekazo musataye woyeza asanafike. Komabe chitani zotheka kuti zotsala zisaonongekenso, monga kufunda denga ndi lona. Ntchito imeneyi imapepuka kwa mayi amene anakonzekeratu. Lembani m'kope katundu wa chipinda chilichonse, sungani malisiti a zinthu zikuluzikulu, ndipo chithunzi cha pepala la inshuwalansi chikhale m'foni kapena kwa m'bale wokhala dera lina, popeza madzi otenga nyumba amatenganso sutikesi.

Onaninso dzina lolembedwa pa pepalalo. Ngati nyumba munamanga aŵiri, pemphani mwaulemu kuti maina onse aŵiri alembedwe, ndipo mudziŵe kampani yake ndi nambala ya pangano. Abambo akhoza kukhala ali ku Joni kapena m'chipatala pa tsiku la ngozi, ndipo imfa siuza munthu. Si bwino kuti mayi ayambe kufufuza zinthu zimenezi ali pakati pa chisoni.

Pogula, pitani ku kampani yeniyeni kapena kwa mkhalapakati amene ali ndi chilolezo, ndipo pa ndalama iliyonse landirani lisiti la kampani. Makampani a inshuwalansi m'Malaŵi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Ngati mwakanidwa malipiro ndipo simukukhutira, yambani mwalemba dandaulo ku kampaniyo ndi kupempha chifukwa chake m'kalata. Zikakanika, tengerani makalatawo ku Reserve Bank, imene ili ndi nthambi mu Blantyre momwe muno.

Amayi, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musachite manyazi ndi Chingerezi cha m'mapepalaŵa. Amene akufuna ndalama zanu ayenera kukufotokozerani m'Chicheŵa mpaka mutamva. Mvula isanayambe, khalani pansi ndi abambo akunyumba, mutulutse pepalalo, ndipo muyankhe mafunso anayi aŵa: kodi chatetezedwa ndi nyumba, katundu kapena zonse? Kodi ndalama yolembedwayo ingamangenso nyumba lero? Kodi excess ndi zingati? Nanga kugumuka kwa nthaka kulimo? Pamene yankho lasoŵa, pitani ku ofesi mukafunse mlungu womwe uno. Tsalani bwino, tidzachezanso mlungu wamaŵa.