Buku la ulimi lisagone m'kabati ya ahedi

Alimi anzanga, masiku ano si zachilendo kuona galimoto ya bungwe itaima pasukulu ya m'dera lanu n'kutsitsa makatoni a mabuku aulere. Ena mwa mabukuwo ndi a ulimi umene akuutcha kuti pemakacha, ena ndi ophunzitsa mmene banja lingadzidalire pakhomo: kuweta nkhuku, kusunga mbewu, kukolola madzi a mvula, kusunga chakudya kuti chisaonongeke. Makalabu a alimi, magulu a banki mkhonde ndi magulu a kumpingo nawo amalandirako. Ine monga mlangizi wa zaulimi kuno ku Mchinji ndikuti mabukuwa alandireni ndi manja awiri. Koma ndili ndi mawu kwa inu olandira, ndiponso kwa operekawo, chifukwa mabuku ambiri amene ndawaona akufika m'madera mwathu sanapondebe m'munda.

Dzina loti pemakacha lisakuopseni. Linachokera ku Australia, kumene anthu awiri, Bill Mollison ndi David Holmgren, anatulutsa buku lawo loyamba pa nkhaniyi mu 1978. Mukalowa m'kati mwake mupezamo zambiri zimene agogo athu ankachita: kubzala chimanga pamodzi ndi maungu, nyemba, khobwe ndi nandolo, kusiya msangu m'munda, kusazula bonongwe, chisoso ndi luni ngati udzu wachabechabe. Chatsopano ndi chakuti mlimi amakhala pansi n'kulingalira bwino malo a chinthu chilichonse pakhomo pake. Madzi a kubafa, mmalo moti apange chithaphwi cha udzudzu, apite ku phando la nthochi. Ndiwo zothyola tsiku ndi tsiku zikhale pafupi ndi khitchini. Masamba ogwa m'mitengo, amene timawasesa m'mawa uliwonse n'kuwatentha mpaka bwalo kuyera mbee, aphimbire nthaka kapena alowe m'dzenje la manyowa.

Nzeru zoterezi n'zofunika lero kuposa kale, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa bwino kuposa ine. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la feteleza la makilogalamu 50 linakwera mpaka kudutsa K100,000. Chaka chotsatira ng'amba inaotcha mbewu, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'mavuto. Ife alangizi tilipo ochepa, mmodzi kuyang'anira midzi yambirimbiri, ndipo sitingafike pakhomo la aliyense. Buku labwino limakhala m'mudzi usana ndi usiku, silidandaula za mafuta a njinga yamoto, ndipo mukalifunsa kakhumi silinyinyirika.

Tsono vuto lili pati? M'maulendo anga ndimalowa m'sukulu zambiri. Pasukulu ina, imene sinditchula dzina, ndinapeza katoni ya mabuku a ulimi ili m'kabati ya mu ofesi ya ahedi, selotepi yake isanamatulidwe n'komwe, chiswe chitayamba kale kudya pansi pake. Nditafunsa, anandiyankha kuti akuopa kuti ana awang'amba, ndipo eni ake akadzabwera kudzayendera adzafuna kuwaona ali athunthu. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Koma buku la ulimi loyera ngati malaya a ukwati ndiye kuti silinagwire ntchito. Ine ndingakonde kulipeza litada ndi dothi, ngodya zake zitapindika, tsamba la manyowa litachita kuthimbirira ndi zala.

Kumbukirani nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale kwawoko. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 zokha anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi sankachidziwa kwenikweni, ankatsatira zithunzi. Chimene chinamuthandiza n'chakuti chitseko chinali chotsegula, ndipo mwana wosiya sukulu ankaloledwa kubwereka buku. Ahedi, aphunzitsi ndi inu a komiti ya sukulu, kope limodzi la kaundula n'lokwanira: dzina la wobwereka, mudzi wake, tsiku lobweza. Makolo nawonso aziloledwa kubwereka, chifukwa munda ndi wawo, si wa mwana wa Sitandade 6.

Komabe ndisakunamizeni kuti buku lililonse limene latsika m'galimoto n'lothandiza. Ambiri mwa mabukuwa analembedwa ku America kapena ku Ulaya, ndipo analembera alimi a kumeneko. Kwawoko amabzala mu April ndi May, pamene ife tikukumba mtedza ndi kusanja mikukwe. Mdani wawo wamkulu ndi chisanu choundana. Wathu ndi dzuwa la October ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda dontho la mvula. Buku likamakuuzani mwezi wobzalira, yambani mwaona kumene linasindikizidwa. Likamatchula mbewu zimene simunazionepo, musataye ndalama kuzifunafuna. Funsani kuti mbewuyo ikugwira ntchito yanji m'mundamo, ndipo pezani yathu yogwira ntchito yomweyo. Ngati ndi yobwezera chonde, tili ndi nandolo, kalongonda, ombwe ndi gilisidiya. Ngati ndi yophimba nthaka, tili ndi maungu ndi mbatata. Mabuku ena amatha masamba makumi angapo kufotokoza kasungidwe ka ndiwo m'mabotolo agalasi okhala ndi zivindikiro zapadera, zimene simungazipeze pa Kamwendo kapena pa Kapiri. Amayi athu amafutsa chitambe ndi mnkhwani n'kumanga zikwatu zimene zimafika nazo m'chilimwe popanda kugula kanthu. Pamenepo bukulo ndiye lofunika kuphunzira kwa iwo.

Ndipo pali zina zimene wolemba wa kunja sangazidziwe. Adzakuuzani kuti phimbirani munda wonse ndi mapesi, zomwe n'zoona, koma sadziwa kuti mukangokolola mbuzi ndi ng'ombe za m'mudzi zimamasulidwa, kapena kuti anyamata osaka mbewa adzayatsa moto mu August mapesi onse n'kupsa. Nkhani imeneyo siithetsedwa ndi buku. Imafuna amfumu, nduna zawo ndi malamulo a m'mudzi ogwirizana nonse.

N'chifukwa chake ndikupempha mabungwe opereka mabuku kuti ayambe ndi mabuku olembedwa kuno. Alipo. Mayi Stacia Nordin, amene anabwera m'dziko muno mu 1997 ndipo pamodzi ndi amuna awo a Kristof amayendetsa ntchito ya Never Ending Food ku Chitedze, pa msewu wathu womwewu wochokera ku Lilongwe, analemba buku lonena za kulima ndi kudya bwino popanda kulowetsa zambiri. Linatuluka mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la World Food Programme, ndipo linakonzedwanso mu 2016 pa dzina loti Sustainable Nutrition Manual. Limapezeka kwaulere pa intaneti. Limakamba za magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe mumawamva kusikelo, ndipo mbewu zake ndi zomwe zimamera kuseri kwa nyumba zanu. Ndalama zonyamulira katoni ya mabuku kuchokera kutsidya kwa nyanja zikhoza kusindikiza masamba ambiri a buku lotere kuno konkuno. Ndipo chonde, mabuku a m'Chichewa achuluke. Akuluakulu amakumbukira magazini ya Za Achikumbi mmene inkayendera dzanja ndi dzanja m'midzi, chifukwa munthu ankaiwerenga yekha popanda womumasulira. Kapepala ka masamba asanu ndi atatu ka m'Chichewa, kokhala ndi zithunzi zomveka, kamaposa chibuku cha masamba 400 cha m'Chingerezi, chimene mapeto ake ndi kukulungira zitumbuwa kapena kupichirira chingambwe.

Kwa inu a m'magulu, mabuku amene muli nawo kale musawasiye chifukwa choti ndi a Chingerezi. Gulu la banki mkhonde limakumana sabata iliyonse. Mukatha kuponya masheya, patulani mphindi 20. Pezani mwana wa Fomu 3, mphunzitsi wopuma pantchito kapena mlimi wotsogolera kuti awerenge ndime imodzi n'kuimasulira. Ndime imodzi basi, osati mutu wonse. Kenako kambiranani: kodi izi zingatheke pa dothi lathu lino? Ndani anayesapo? Agogo amene sadziwa kulemba dzina lawo nthawi zambiri ndi amene amadziwa kuti mtengo wakutiwakuti sugwirizana ndi chimanga, choncho apatseni mpata alankhule. Masukulu a kwacha nawo akhoza kugwiritsa ntchito mabuku omwewa, munthu n'kumaphunzira kuwerenga ndi nkhani ya manyowa yomwe aifuna mawa lomwe.

Mukamva chinthu chokugwirani mtima, musathamangire kusintha munda wonse. Ndikunena izi motsindika chifukwa ena mwa mabukuwa amalonjeza zambiri, ngati kuti mukangosiya feteleza lero, nkhokwe idzaza chaka chomwecho. Nthaka imene yalimidwa chimanga ndi fodya zaka makumi awiri siichira m'dzinja limodzi. Msangu umatenga zaka zingapo usanayambe kukubwezerani, ndipo gilisidiya naye amafuna nyengo ziwiri kapena zitatu kuti muone kusintha. Banja limene lasiya zonse nthawi imodzi chifukwa cha buku likhoza kugona ndi njala mu February. Dulani kachigawo kakang'ono, mapazi khumi m'litali ndi khumi m'lifupi, muyeserepo zimene mwawerengazo. Pambali pake limani monga mwa masiku onse, mbewu yomweyo, tsiku lobzala lomwelo. Pokolola yezani mbali zonse ziwiri ndi ndowa imodzi, ndipo lembani m'kope. Mukatero zaka ziwiri, mudzadziwa nokha ngati wolembayo amanena zoona pa munda wanu. Kwa ife a ku Mchinji, amene mtedza ndi soya ndi mbewu zathu kale, poyambira posavuta ndi kubzala nandolo pakati pa mtedza, chaka chotsatira n'kuikapo chimanga.

Kuona kumathandizanso kuti zolembedwazo zimveke. M'boma lathu lomwe lino muli malo otchedwa Permaculture Paradise Institute, amene anayambitsa a Luwayo Biswick, kumene anthu amapita kukaphunzira ulimi umenewu ndi maso. Gulu likhoza kusonkherana ya thiransipoti n'kutuma anthu awiri, mayi ndi bambo, atanyamula buku lawo, kuti akafunse pamene sanamvetse. Ku Nkhata Bay kuli makalabu a pemakacha a m'sukulu za pulayimale, kumene ana amaphunzira ndi manja akaweruka. Zoterezi n'zotheka kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni.

Za minda ya pasukulu ndinenepo pang'ono, pakuti mabuku ambiri amathera kumeneko. Munda wa pasukulu usakhale malo operekera chibalo kwa ana ochedwa. Mwana amene wagwira khasu ngati chilango adzadana ndi ulimi moyo wake wonse. Ndiwo ndi zipatso zikacha, ana omwe anathirira alaweko, zilowe m'phala lawo, osati zonse kulowera kunyumba za aphunzitsi. Ndiponso kumbukirani kuti holide yaitali imagwa m'chilimwe. Ngati komiti ya sukulu ndi gulu la amayi sanagwirizane za wothirira ndi wotchinga mbuzi, potsegulira sukulu mudzapeza fumbi lokhalokha.

Opereka mabuku asamangojambula zithunzi pa tsiku lopereka n'kupita. Asiye nambala ya foni, abwerenso pakatha chaka, ndipo asafunse kuti mabuku alipo angati m'kabati. Afunse kuti abwerekedwa kangati, ndipo apite akaone kachigawo koyesera kaja. Inuyo, gulu lanu likalandira buku, dziwitsani mlangizi wa m'dera lanu kudzera kwa mlimi wotsogolera kapena ku ofesi ya EPA, kuti pa tsiku limene mukumana adzakhale nanu n'kuthandizana kusankha mitu yoyenera nyengo imene tilimo. Manyowa ofuna kuthira pobzala amayenera kuyamba kupangidwa mvula ikadali kutali, choncho mutu umenewo ndiwo muyambire kuwerenga mukangotha kukolola.