Mawu a Mkonzi: Graphite Wathu Asachoke M'matumba

Pa 29 April 2022 ku Lusaka, boma lathu la Zambia ndi la DR Congo anasainirana pangano loti zipangizo za mabatire a galimoto zamagetsi zizipangidwa konkuno. Malo a mafakitale anawaloza ku Ndola, ndipo nkhani inangokhala ya cobalt, nickel ndi manganese. Za chigawo cha Kum'mawa kuno sitinamvepo kanthu. Zaka zapita, fakitale sitinaione.

Komatu batire la lithium lili ndi mbali ziwiri. Mbali ya negetivi, yomwe amisiri amati anode, ndi graphite, mwala wakuda uja wa m'pensulo, wopakidwa pa kapepala kopyapyala ka mkuwa. Mkuwa tili nawo. Graphite ali m'nthaka ya Petauke ndi Lundazi. Nanga bwanji mbali imeneyi inaiwalika?

Ndalama sizili pa kukumba. Mwalawo amaupera, tizidutswa take n'kutibulungiza, ndipo pamenepo pafupifupi theka limatsalira. Kenaka amautsuka mpaka uyere kufika pa 99.95 peresenti, amaukuta ndi phula n'kuuwotcha m'ng'anjo. Apa ndiye pali ntchito za ana athu ophunzira. Lero ntchitoyi, yoposa 90 peresenti, ili ku China, dziko limene mu December 2023 linayamba kufuna zilolezo pa graphite wotuluka. Ogula akusakasaka kwina, ife tili chete.

Taonani kwa anzathu ku Mozambique. Mgodi wa Balama, wa kampani ya Syrah Resources, uli ku Cabo Delgado, koma fakitale yake ya anode inamangidwa ku Vidalia, m'dziko la America. Graphite amachoka m'matumba, ntchito n'kumutsatira. Ifenso tikagona, njanji ya Chipata-Mchinji idzangonyamula matumba kupita ku Nacala. Thonje lathu takhala tikuliona likuchoka m'mabelo, nsalu n'kumagula yochokera kunja. Kodi tikufunanso zomwezo? Matumba apite, ife titsale ndi maenje ndi fumbi?

Tikudziwa kuti ng'anjo zimadya magetsi, ndipo mdima wa 2024, madzi atachepa ku Kariba, palibe amene waiwala. Fakitale yonse ya anode mwina sitingaikwanitse mawa. Koma kupera ndi kutsuka tingathe.

Aphungu athu afunse nduna ya migodi m'Nyumba ya Malamulo kuti graphite wa Kum'mawa ndi wochuluka bwanji, ndipo malaisensi ake ali m'manja mwa yani. Asanayankhe zimenezi, laisensi yokumba isaperekedwe kwa aliyense amene salonjeza, polemba, kuyeretsera mwalawo m'chigawo chino.